Moyo wanga pa mabanja a ku France, chaka chikupita kumapeto

Nditangofika ku France kumapeto kwa Ogasiti ndinalemba zoyamikira zokhazokha: buledi wotentha wa m'mawa, sitima yothamanga kwambiri ya TGV yomwe inandichotsa ku Paris n'kukanditula ku Angers patangotha ola ndi theka, chipinda changachanga. Ambiri munandipempha kuti ndidzalembenso chisangalalo cha ulendo chikadzazirala. Pano tili mu Meyi, ndili pa banja lachitatu, ndipo mu Julayi ndikubwerera kwathu ku Malawi. Zomwe ndinayamikira zija zikadali choncho, koma si zimene zimakometsa kapena kuwawitsa chaka cha mwana wasukulu wosungidwa ndi banja lachilendo. Nkhani yonse imathera patebulo la mgonero.

Afalansa sadya mothamanga. Mgonero umayamba cha m'ma 8 koloko usiku, banja lonse limakhala pansi nthawi imodzi, ndipo pa mabanja onse omwe ndakhalapo foni sifika patebulo. Chakudya chimabwera motsatana: supu kapena saladi, kenako nyama kapena nsomba ndi zodyera zake, kenako tchizi, pomaliza yogati kapena chipatso. Buledi amangomuika patebulo pomwepo, aliyense n'kumanyema ndi manja. Kadyedwe kameneka amakanyadira kwambiri, moti mu 2010 bungwe la UNESCO linaika phwando la chakudya la Afalansa pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa.

Kwathu mwana akamadya pamodzi ndi akuluakulu amasunga pakamwa. Kuno ukakhala chete amayesa wadwala kapena wina wakulakwira. Bambo a pa banja loyamba ankafunsa aliyense mmene tsiku layendera, ndipo ikafika nthawi yanga ankaika foloko pansi n'kundiyang'ana. Ndinkayamba chiganizo, mawu n'kundithera pakati. Iwo sankandimalizira, sankathawiranso ku Chingerezi ngakhale amachidziwa bwino. Ankangodikira, supu yawo ikuzizira, mpaka mawu aja nditawapeza. Mwana wawo wamng'ono ndiye ankandikonza mosanyengerera ndikasokoneza mneni. Chifalansa chomwe ndinaphunzira ku sekondale kwathu chinandithandiza kuwerenga zikwangwani ndi kulemba kalata, koma chomwe ndikuyankhula lero ndinachitola patebulo limenelo. Pofika Khirisimasi ndinkalowerera m'mikangano yawo ya ndale, yomwe imatentha mpaka mawu kukwera koma ikatha aliyense amapsompsonana patsaya n'kukagona mwamtendere.

Chomwe chinandivuta nthawi yaitali ndi katchulidwe ka makolo ondisunga. Mayi a pa banja loyamba anandipempha tsiku loyamba lomwe kuti ndiziwatchula dzina lawo. Munthu wa msinkhu wa mayi anga, kumuitana ngati mnzanga wa m'kalasi! Lilime linkakana. Ndinazolowera pang'onopang'ono nditaona kuti kuno ulemu amauyang'ana pa zina: kupereka moni ukamalowa m'sitolo kapena m'basi, kufika pa nthawi yomwe mwapangana, kuchotsa mbale osadikira kuuzidwa, kusatsegula firiji n'kumadya pakati pa nkhomaliro ndi mgonero.

Mabungwe otumiza ana amasiyana. Ena, monga AFS, kawirikawiri amakusiya pa banja limodzi chaka chonse. Ena, monga Rotary, amakusamutsa kawiri kapena katatu. Ine ndinasamuka koyamba mu Januwale, ndipo ndinalira ndikulongedza chikwama, chifukwa inali nthawi yomwe ndinali nditangoyamba kudzimva wapakhomo. Komabe lero wina atandifunsa ndingasankhenso kusamuka. Ndikanakhala m'tauni mokha ndikanabwerera ndikuganiza kuti France yonse ndi nyumba zosanjikizana ndi masitolo.

Banja lachiwiri limalima mpesa m'mudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Loire, pakati pa Angers ndi Saumur. Usiku womwe ndinafika anadula galette des rois, keke ya mu Januwale yomwe amabisamo kachidole kakang'ono. Mwana wamng'ono pa onse amalowa pansi pa tebulo n'kumatchula yemwe alandire chidutswa chilichonse, kuti pasakhale kukondera, ndipo wopeza kachidole amavala chisoti chachifumu cha pepala. Dzina langa linatchulidwa kuchokera pansi pa tebulo paja ngati kuti ndakhala pakhomopo kuyambira kale. Loweruka ndinkapita nawo kumunda kukadulira mpesa. Mitengo ilibe tsamba n'limodzi lomwe, chifunga chili tolotolo, zala zikuuma ngakhale uli ndi magolovesi, ndipo bambo akukuonetsa nthambi yoti isiyidwe ndi yoti ichoke, chifukwa zipatso za chaka chonse zimadalira kudula kumeneko. Dera limenelo lili ndi mapanga ambiri omwe anatsala anthu atakumba miyala yoyera yomangira nyumba zachifumu za m'mbali mwa Loire. Lero m'mapangamo amasungiramo vinyo, ena amalimamo bowa, ndipo ena anawasandutsa nyumba zogonamo. Kusukulu ndinkapita pa sitima ya TER, yoyenda maulendo a m'chigawo momwemo, kudzuka kudakali mdima.

Banja lachitatu linandidabwitsa mwanjira ina. Anthu ambiri kuno ukati Malawi amamva Mali, ndiye umayamba kufotokoza za Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Bambo a pano sanafune zonsezo. Pabalaza pali thanki yaikulu yagalasi momwe amawetamo mbuna, nsomba zamawangamawanga za m'nyanja yathu, ndipo amadziwa Likoma, Nkhata Bay ndi Cape Maclear chifukwa oweta nsombazi amazisiyanitsa potengera malo omwe zimapezeka. Pano ndi pomwe ndinaphika nsima, ndi ufa wogula m'sitolo ya zakudya za ku Africa, ndiwo yake nkhuku ndi masamba otendera. Anasamba m'manja, anadya opanda foloko, ndipo mayi analemba kaphikidwe ka masambawo m'kope lawo.

Za sukulu maganizo anga ali pawiri. Anandiika m'kalasi ya première, yomwe imatsatidwa ndi terminale, chaka chomaliza cha lycée, sekondale ya kuno ya makalasi akumapeto. Maphunziro amayamba 8 koloko ndipo masiku ena amatha 5 kapena 6 madzulo. Kulibe yunifolomu, kulibe asembule. Malikisi amawerengera pa 20. 10 ndiye kukhoza, ndipo 16 sapatsa wamba. Wophunzira aliyense amasankha maphunziro atatu oti azamepo kuwonjezera pa omwe onse amaphunzira. Malikisi, homuweki ndi kujomba zonse zimaoneka pa Pronote, pulogalamu ya sukulu ya pa intaneti, moti makolo ondisunga ankadziwa zotsatira zanga ndisanafike pakhomo. Chomwe ndachikonda kwambiri ndi mmene amaphunzitsira kuganiza. Amakupatsa funso limodzi ndi maola anayi, ndipo safuna kuti ubwereze zomwe aphunzitsi ananena. Amafuna uike mfundo, uitsutse wekha, kenako uonetse pomwe waima. Mayeso a Chifalansa a baccalauréat (mayeso a boma omalizira sekondale), olemba ndi apakamwa, amachitika kumapeto kwa première, ndiye anzanga onse pano mitu ili m'mabuku. Nkhomaliro ya ku kantini ndi chakudya chenicheni chokhalira pansi, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri pamabwera tchuthi cha milungu iwiri.

Koma amene akuganiza kuti anzake akawapeza m'kalasi akonzekere kudikira. Ana a kuno ndi aulemu, amakubwereka makope, koma magulu awo anamangidwa kuyambira ku mkaka ndipo satseguka msanga. Miyezi yoyambirira ndinkadya nkhomaliro pakati pa anthu oseka nthabwala zomwe sindinkazimva. Chinandipulumutsa ndi Lachitatu masana, pomwe nthawi zambiri sikukhala maphunziro ndipo masewera okonzedwa ndi UNSS, bungwe la zamasewera m'sukulu, amachitika. Netibo kuno saidziwa, ndiye ndinalowa handball. Manja ozolowera kuwakha mpira anandithandiza, ndipo atsikana a timu imeneyo ndi omwe anayamba kundiitanira kunyumba kwawo.

Mwezi wowawa kwambiri unali Novembala. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi, France n'kutsalira m'mbuyo mwa Malawi mpaka kumapeto kwa Malichi. Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko ili pafupi, cha m'ma 5 lalowa kale. Umapita kusukulu mumdima n'kubwerako mumdima. Nthawi imeneyo ndinkaimba kwathu pa WhatsApp usiku uliwonse, ndipo ndikadula foni mtima unkawawa kuposa poyamba. Mayi ondisunga anakhala nane pansi, tinagwirizana ndi amayi anga kuti tiziyankhulana Lamulungu lokha. Zinathandiza kuposa mmene ndinkaganizira.

Mwana wokulira m'tchalitchi adziwenso kuti sukulu za boma kuno sizikhudzana ndi chipembedzo. Boma ndi mipingo zinalekanitsidwa ndi lamulo la 1905, ndipo lamulo la 2004 limaletsa ophunzira kuvala zizindikiro zoonekera kwambiri za chipembedzo. Kulibe pemphero lotsegulira tsiku. Ku Misa ya m'mudzi muja ndinkapeza agogo okhaokha. Banja lachiwiri silipemphera n'komwe, koma mayi ankandiperekeza pa galimoto Lamulungu lililonse n'kudzanditenga, osadandaula ngakhale kamodzi. Zimenezo sindidzaziiwala.

Chaka chimenechi chili ndi mtengo wake. Sichilowa m'malo mwa Fomu 4, choncho anzanga omwe tinayambira limodzi akulemba MSCE ine ndikadali kuno, ndipo ndikabwerera ndikakhala m'kalasi ndi omwe anali pambuyo panga. Kwa ine Chifalansa chomwe ndapeza chikuposa chaka chomwe ndachedwa, koma banja lililonse liyenera kukambirana zimenezi mwana asanakwere ndege. Ndalama nazonso zimapita: tikiti, visa ya nthawi yaitali, inshuwalansi, ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe ukasintha mtengo wake kuchoka mu yuro kupita mu kwacha umangobweza pashelefu.

Ndingalimbikitse ulendowu kwa mwana yemwe ali wokonzeka kuyankhula molakwitsa pamaso pa anthu tsiku ndi tsiku, osati yemwe akufuna kukaona Eiffel Tower basi, chifukwa ku Paris mwina akapitako kamodzi pa tchuthi. Makolo, musanasaine mapepala funsani bungwe kuti mwana akakhala pa mabanja angati, sukulu ili kutali bwanji ndi nyumba, ndani akalipira kantini ndi mayendedwe, komanso ndi munthu uti yemwe mwana angamuimbire usiku zinthu zikavuta pakhomo. Mwanayo ayambe kumvetsera wailesi ya ku France ya RFI pa intaneti miyezi ingapo asananyamuke kuti khutu lizolowere liwiro la Afalansa. Jekete lochindikala ndi nsapato zosalowa madzi mugulireni pa kaunjika, chifukwa kuno n'zodula ndipo pofika Okutobala akhala akuzifuna kale.