Sabuside ipite ku magetsi a nkhuni kapena a mphepo?

Boma likamathandiza kampani yopanga magetsi, ndalamayo nthawi zambiri imabisala mu bilu ya wogula. Ku Britain, fakitale yopanga magetsi ya Drax imawotcha timibulu ta nkhuni tochokera ku America ndi Canada, ndipo mu 2025 boma linalengeza kuti lidzachepetsa thandizo lake kuyambira 2027. Mpikisano wake ndi makina a mphepo.

Mtengo: nkhuni uzigula chaka ndi chaka, uziumitse, uzikweze m'sitima. Mphepo ndi yaulere. Ndalama zambiri zimapita pomanga.

Kudalirika: apa nkhuni zikupambana. Ng'anjo imayaka nthawi imene mwafuna, pomwe mphepo ikaleka, makina amangoti zii, ndiye pamafunika mabatire kapena magetsi ena oyembekezera. Zimenezonso amalipira ndi wogula yemweyo.

Phindu: fakitale ya nkhuni yongopanga magetsi okha imataya kutentha koposa theka. Utsi umatuluka lero, koma mtengo wobzalidwa m'malo mwake umatenga zaka zambiri kuti ukule.

Kwa ine, mphepo ikuyenera dziko lofuna mabilu otsika kwa nthawi yaitali. Sabuside ya nkhuni imamveka komwe kuli utuchi ndi zotsalira za m'munda pafupi, makamaka ngati kutenthako kukugwiritsidwanso ntchito m'nyumba ndi m'mafakitale.