Google Photos ndiyabwino koma musadalire yokhayo

Ine Google Photos, pulogalamu yosungira zithunzi pa intaneti, ndimaikonda ndithu, foni ikabedwa umangolowa pa ina zithunzi zako zonse nkuzipeza. Koma abale musangoika zonse kumeneko basi nkumagona tulo. Kale umasunga zithunzi mwaulere mopanda malire, pa 1 June 2021 a Google anasintha, pano amakupatsa 15GB yokha yogawana ndi Gmail ndi Drive, ikadzadza ngakhale ma imelo amasiya kulowa mpaka ulipire kapena ufufute zinthu zina.

Chomwe chimandiopsa kwambiri nchakuti akaunti ikatha zaka 2 osaigwiritsa ntchito akhoza kuifufuta, ndiye taganizani zithunzi zili mu akaunti ya malemu mayi anu, pasiwedi palibe akuidziwa, zimawawa zimenezo. Komanso bandulo ikatha zomwe munachotsa mufoni simuziona. Ine za ana anga ndimakoperanso pa fulashi mwezi uliwonse.