Kamita ka DT830B: kakuuzani ngati wolakwa ndi batire kapena rekitifaya

Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chikafika kuno ku Dedza, njinga zamoto zambiri zimakana kulira m'mawa. Wakabaza akadina sitata imangoti "thi thi thi", hutala nayo ikusasa mawu, ndiye pompo wathamangira kushopu kukagula batire latsopano. Pakapita milungu itatu, latsopanolo nalo lagona. Kawirikawiri lakale lija linalibe mlandu. Chinafa ndi rekitifaya, kachipangizo kamene kamakonza moto wochokera ku injini kuti utchaje batire, kapena waya wina anachita dzimbiri, moti batire silimalandira moto njinga ikamayenda. N'chifukwa chake tikufuna tiunike kamita koyezera magetsi ka DT830B, kachikasu kapena kakuda kaja kamene mumakapeza m'mashopu a zamagetsi. Mtengo wake sufika pa wa batire latsopano, ndipo kamakwana m'thumba la jekete.

Kali ndi mabowo atatu. Waya wakuda amalowa pa COM, wofiira pa bowo lolembedwa VΩmA, ndipo lachitatu, la 10A, mulisiye. Pindani chotembenuza chapakati chifike pa 20 m'chigawo cha DCV, kenako gunditsani wofiira pa + ndi wakuda pa – ya batire. Yezani m'mawa njinga itagona usiku wonse, chifukwa batire longochoka pamsewu limaonetsa nambala yokwera yomwe si yake. Lodzadza limaonetsa 12.6V mpaka 12.8V. Pa 12.2V latsala ndi pafupifupi theka, ndipo likatsika pansi pa 12V latheratu, likufunika kutchaja.

Nambala imeneyo payokha isakunamizeni. Batire lokalamba limatha kuonetsa 12.5V koma osakwanitsa kutembenuza injini. Siyani mawaya a mita pomwepo, mnzanu adine sitata inu maso ali pagalasi. Labwino limatsika pang'ono, kukhala cha m'ma 10V kapena kuposa. Likagwera pa 8V kapena 7V litangotchajidwa kumene, mapuleti a m'kati mwake atha, ndipo apo kugula lina n'koyenera. Kuzizira kumangoulula matenda amenewa: kumachepetsa mphamvu ya batire pomwe oilo walimba, injini ikulemera. Ndiye njinga yomwe imalira bwinobwino kotentha ku Golomoti imatha kukana ikagona ku Bembeke.

Pamene kamitaka kamabweza ndalama zake ndi pa kuyeza kwachitatu. Lizani injini, ngakhale ndi kiki, muyatse getsi lakutsogolo, mukoke moto pang'onopang'ono mpaka injini ifike pakatikati. Nambala ikwere kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ikangoima pa 12 osasuntha, kapena kumatsika, batire silikutchajidwa, ndipo lililonse lomwe mungaikepo lidzafa chimodzimodzi. Ikadutsa 15V, rekitifaya ikulowetsa moto wopyola muyeso. Zizindikiro zake mumazidziwa: mababu kupsa sabata ndi sabata, madzi a batire kuuma msanga, batire lomata, losathiridwa madzi lija, kutupa m'mbali ngati mkate.

Musanaiweruze rekitifayo, zulani pulagi yake muyang'ane mkati. Panjinga zoyenda m'fumbi ndi m'matope a misewu ya ku Kasumbu kapena ya ku Mayani, timapini timabiriwira, nthawi zina pulasitiki kuchita kusungunuka ndi kutentha. Onaninso fyuzi yomwe ili pafupi ndi batire, ya 10A kapena 15A panjinga zambiri zazing'ono, ndi waya wa ethi womangidwa kuchitsulo cha njinga. Kenako pindani mita ifike pa ACV 200, muyeze mawaya ochokera ku makoilo a kumagineto, omwe amapanga moto wa njinga, injini ikulira. Nambala izikwera mukamakoka moto. Ikakwera bwino koma kubatire kulibe kanthu, wolakwa ndi rekitifaya kapena waya wapakati. Ikakhala chete, makoilo apsa. Mitundu ya mawaya imasiyana pakati pa Boxer, TVS ndi njinga za ku China, choncho tsatani waya ndi dzanja kuchokera painjini m'malo modalira mtundu.

Pali vuto lina lomwe lachuluka masiku ano. Akabaza ambiri amangirira tchaja ya foni, wailesi ndi timagetsi tokongoletsa molunjika kubatire, osadutsira pa kiyi. Zinthu zimenezi zimayamwa moto usiku wonse. Kuti muzigwire, zimitsani kiyi, masulani waya wa – ndi sipanala kapena sikuludilaiva, ikani mita pa DCA 200m, waya umodzi pamutu wa – wa batire, wina pawaya mwamasula uja. Njinga yabwino imaonetsa ziro kapena nambala yaing'ono kwambiri. Ikaonetsa 30 kapena 50, zulani zowonjezerazo chimodzichimodzi mpaka nambala igwe. Chonde, mita ili chomangiriridwa motere musayatse kiyi kapena kudina sitata, mupsereza fyuzi yake yamkati nthawi yomweyo.

Zofooka za kamitaka zilipo, ndipo sitizibisa. Mawaya omwe amabwera nako ndi opyapyala, amaduka mkati pafupi ndi chogwirira, ndiye nambala imayamba kuvinavina. Gunditsani nsonga ziwirizo mita ili pa 200Ω musanayambe ntchito: ionetse nambala yosafika pa 1. Chifukwa cha zomwezo, sikodalirika poyeza makoilo ndi Ω, popeza nawo amaonetsa nambala yaing'ono yofanana ndi ya mawayawo. DT830B kalibe belu lolira poyeza ngati waya waduka, pomwe DT830D kali nalo, ndiye mukazipeza zonse pashelefu tengani ka D. Galasi la DT830B siliwala mumdima. Bowo la 10A lilibe fyuzi, ndipo mukaiwala waya wofiira mmenemo n'kugunditsa pamitu iwiri ya batire, mwachita shoti, mawaya atentha m'manja. Choopsa mwakachetechete ndi kabatire kake ka 9V: kakafooka, mita imaonetsa nambala zokwera kuposa zenizeni, mpaka munthu kutaya rekitifaya yabwinobwino. Kachizindikiro ka batire kakaoneka pagalasi, sinthani. Sikazima kokha, choncho muzibweza pa OFF. Ndipo ngakhale palembedwa 750V, ife sitingakulimbikitseni kukagwiritsa ntchito pa magetsi a m'nyumba.

Mita ikaonetsa kuti batire langotha moto chabe, samalani kokatchajitsa. Batire lolembedwa 7Ah limafuna moto wa 0.7A kwa maola pafupifupi 10, la 5Ah limafuna 0.5A. Malo ambiri otchajira amalumikiza pa tchaja ya mabatire a galimoto kuti lidzadze mu ola limodzi, ndipo zimenezi zimapinda mapuleti. Ligwireni ndi dzanja likamatchajidwa, likatentha auzeni achotse. Ngati ndi lotsegula, madzi akhale pakati pa mizere iwiri ya UPPER ndi LOWER, ndipo muzithira madzi a batire ogula m'botolo okha, osati a pamjigo, osatinso asidi. Zoyera zangati ufa pamitu zija tsukani ndi madzi ofunda osakaniza soda, osalola kuti alowe mkati, mupale ndi sandipepa, mumange zolimba, kenako mupake Vaseline pamwamba.

Kwa makanika amene amayeza njinga khumi patsiku, kamitaka n'kochepa, agule yolimbirapo yokhala ndi belu ndi mawaya okhuthala. Koma kwa mwini njinga imodzi, wonyamula matumba a mbatata ndi kabichi pakati pa Lizulu ndi boma, kakukwana pa miyeso yonse yomwe tatchulayi. Akabaza a pasiteji imodzi akhoza kusonkherana n'kugula kamodzi, kazisungidwa m'pepala lapulasitiki chifukwa sikagwirizana ndi mvula.