Kupalasa njinga pa njanji yakale ya ku Derbyshire

Abale anga a kumudzi, papita zaka zinayi chifikireni mumzinda wa Derby kuno ku England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tikamalankhulana pafoni mumakonda kundifunsa za kuzizira, za mitengo ya zakudya ndi za ndalama ya nyumba. Lero ndafuna kuti ndikufotokozereni za njinga yakapalasa, chifukwa chinthu chimene ndinakula nacho, chimene ndinkayesa kuti ndikuchidziwa bwino lomwe, ndadzachionera mbali ina kuno.

Kwathu ku Ntcheu njinga ndi chida chantchito. Bambo anga ankamanga matumba awiri a mbatatesi pakeliyala n'kulawirira mbandakucha kupita kumsika wa Lizulu, ndipo ine ndinaphunzira kupalasa ndili mwana, mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo chapakati chifukwa chishalo sindinkachifikira. Njinga imanyamula makala, nkhuni, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi wodwala wopita kuchipatala, ndipo anyamata a kabaza amadyetsa nayo mabanja awo. Koma aliyense amene anapalasapo pamsewu wa M1 akudziwa kuti munthu wa panjinga amayenda khutu lili kumbuyo. Ukangomva kulira kwa thiraki kapena hutala ya minibasi, umatsikira kumbali kumene phula linagumuka, ndipo ngati wanyamula katundu wolemera, kutsikako n'kumene kumakugwetsa. Msuweni wanga anagwa motero pothawa lole, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Chifukwa cha zimenezi, nditafika kuno sindinaganizeko zokwera njinga, ngakhale kuti galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu.

Amene anandikoka ndi mayi wina wachikulire amene ndimagwira naye ntchito, yemwe anandiuza kuti kuli njira yoposa makilomita 20 imene galimoto siziloledwa kupondamo. Loweruka lina la mwezi wa June tinapita ku Ashbourne, tauni yaing'ono yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 21 kuchokera ku Derby, kumene imayambira njira yotchedwa Tissington Trail. Pamenepo pali malo obwereketsa njinga, ndipo anandipatsa yamagiya, chisoti choteteza mutu ndi kapampu.

Njira imeneyi kale inali njanji. Sitima zinayamba kuyenda pakati pa Ashbourne ndi Buxton m'chaka cha 1899, ndipo zonyamula anthu tsiku ndi tsiku zinaleka mu 1954. M'zaka zimenezo njanji zambiri zakumidzi zinkatsekedwa m'dziko muno poti anthu anali atayamba kudalira galimoto, ndipo lipoti la Richard Beeching, yemwe anali mkulu wa njanji za boma, la m'chaka cha 1963 linalimbikitsa kuti masiteshoni oposa 2,000 atsekedwe. Zitsulo atazizula, panatsala mzere wautali wosalazidwa kale, wokhala ndi milatho yake, wodutsa pakati pa minda ndi mabusa. Oyang'anira malo otetezedwa a Peak District, omwe anakhazikitsidwa mu 1951 ngati paki yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko lino, anagula mzerewo n'kuutsegula mu 1971 kuti muziyenda anthu apansi, apanjinga ndi apakavalo. Ubwino wa njanji ndi wakuti sitima siikwera chitunda chachikulu, choncho amisiri akalewo anadula mapiri ndi kukwirira zigwa, ndipo lero wopalasa amakwera pang'onopang'ono osazindikira n'komwe. Pali malo amodzi okha pafupi ndi poyambira pamene mlatho wakale unagwetsedwa, ndipo pamenepo umatsetsereka n'kukweranso chitunda chimene ambiri amachita kutsika n'kukankha njinga.

Pansi anathirapo miyala yalaimu yoperapera n'kuitsendera, moti tayala likamayenda limangoti waa, ngati mpunga ukupetedwa m'lichero. Mbali zonse kuli mipanda yamiyala yosanjikizidwa popanda simenti, yogawa mabusa a nkhosa ndi ng'ombe, ndipo mapiri ake opanda mitengo yambiri, pamodzi ndi mphepo yake yolowa m'mafupa, anandikumbutsa za ku Dedza m'nyengo ya chiperoni. Koma chimene ndikufuna kuti mumvetse si kukongola kwa malowo. Kwa ola lathunthu loyamba ndinkangocheuka. Khosi linkatembenuka lokha, manja atagwira mabuleki, ndipo njinga ndinkaiyendetsa m'mphepete mwenimweni mwa njira, pafupi ndi udzu, ngakhale kuti pakati ponse panali popanda kanthu. Mnzanga uja atandifunsa chimene ndinkayang'ana kumbuyo ndinasowa choyankha, chifukwa ndinali ndisanadziwe kuti mantha a pa M1 ndinabwera nawo m'ndege, ali m'khosi ndi m'mapewa. Titadutsa siteshoni yakale ya Tissington m'pamene ndinazindikira kuti ndasiya kucheuka, ndipo ndinayamba kumva zinthu zimene wapanjinga wa kwathu sapatsidwa mpata womva: kulira kwa ana a nkhosa, mbalame zam'tchire, ndi kupuma kwanga komwe.

Anthu amene ndinakumana nawo anandidabwitsa kuposa njirayo. Ndinaona mwana wa zaka ngati zinayi akupalasa kanjinga kake patsogolo pa makolo ake, akupita uku ndi uku monga amachitira ana, popanda womukalipira kapena kumugwira. Ndinaona agogo aamuna ndi aakazi a imvi zokhazokha, a msinkhu wa anthu amene ndimawasambitsa kuntchito, ali panjinga zamagetsi zothandiza pokwera. Ndinaonanso bambo wolumala miyendo akuyendetsa njinga yamatayala atatu yopalasa ndi manja. Malamulo ake ndi aulemu chabe: ukafika kumbuyo kwa oyenda pansi umaliza belu patali, ukaona kavalo umachepetsa liwiro kuti asadzidzimuke, ndipo chipata ukachipeza chotseka umachitsekanso kuti ziweto za eni zisatuluke.

Tinapatuka pang'ono kukaona mudzi wa Tissington, wa nyumba zamiyala, umene umadziwika ndi mwambo wokongoletsa zitsime. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Ambuye, anthu am'mudzimo amamata dothi pamatabwa n'kujambulapo zithunzi ndi timasamba tamaluwa, kenako amaziimika pazitsime zawo pothokoza chifukwa cha madzi. Sindinkayembekezera kupeza azungu amene amalemekeza chitsime, ndipo ndinakumbukira amayi anga akusesa padilawo m'mawa. Kuchoka pamenepo njira imakwerabe, kudutsa kanyumba kakale ka woongolera sitima ku Hartington, mpaka ku Parsley Hay, pamtunda wa makilomita 21 kuchokera poyambira, pamene imakumana ndi njira ina ya mtundu womwewu yotchedwa High Peak Trail. Pobwerera njinga inkangoyenda yokha.

Chichokereni tsiku limenelo ndapitanso kangapo, ndipo njira imene yandilowa mumtima ndi Monsal Trail, yoyambira ku Bakewell, yotalika makilomita pafupifupi 14. Imeneyi inali gawo la njanji yaikulu yopita ku Manchester yomwe inatsekedwa mu 1968. Imadutsa pansi pa mapiri m'mphanga zimene anaboolera sitima, ndipo zinayi mwa izo zinakhala zotseka zaka zambiri mpaka anazikonza, kuziikira magetsi ndi kuzitsegula mu 2011. Ukalowa m'mphanga ya Headstone, yotalika pafupifupi theka la kilomita, kumazizira ngati m'chitsime, madzi akudontha kuchokera kudenga, ndipo ukangotulukira kuwala umapezeka uli pamwamba pa mlatho wautali, mtsinje wa Wye ukuyenda pansi patali. M'chigwa chomwecho muli nyumba zimene kale zinali mafakitale a thonje, ndipo ya ku Litton imakumbukika chifukwa cha nkhanza zimene ankachitira ana amasiye otengedwa kumizinda kudzagwira ntchito zaka zoposa 200 zapitazo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa ndinaona kuti chigwa chimene lero anthu amapumiramo chinamwapo thukuta ndi misozi ya ana a anthu osauka.

Sindikufuna kuti muganize kuti kuno wapanjinga ali pamtendere paliponse. M'misewu ya mumzinda muno mabasi amakudutsa pafupi kwambiri, ndipo apanjinga amagundidwa kunonso. Njira zakumidzizi ambiri amafikako pagalimoto, njinga atazimangirira kumbuyo, ndiye kuti wopanda galimoto ayenera kulipira basi ndi kubwereka njinga, ndalama imene ife otumiza kumudzi timaiwerengera kawiri. Anzanga ambiri ochokera kwathu sanapondeko, poti tsiku lopuma likapezeka amalitenga kukagwira maola owonjezera, ndipo sindiwaweruza. Komabe zimandiwawa kuti tikukhala pafupi chonchi ndi malo amene kulowamo n'kwaulere, koma timangodziwa msewu wa kuntchito ndi wa kutchalitchi.

Chimene chandiphunzitsa kwambiri ndi mmene njira zina za mtundu umenewu zinayambira. Ku Bristol, gulu la anthu wamba lotsogozedwa ndi John Grimshaw linayamba mu 1979 kusandutsa njanji yosiyidwa yopita ku Bath kukhala njira yanjinga, ambiri akugwira ntchitoyo mongodzipereka. Gululo linadzakhala bungwe la Sustrans, limene mu 1995 linalandira ndalama zoposa mapaundi 40 miliyoni kuchokera ku lotale yadziko kuti lilumikize njira zanjinga m'dziko lonse, ndipo zikwangwani zake zabuluu zokhala ndi nambala m'kabokosi kofiira umazipeza m'midzi yambiri. Anayamba ndi mafosholo ndi mawilibala, ndalama zinachita kuwapeza ntchito ili m'kati.

Ndikamapalasa ndimaganizira za tinjira tathu todutsa m'minda, tolumikiza mudzi ndi chigayo, sukulu ndi chipatala. Timeneto nato n'topanda galimoto, ndipo anthu otiyendamo panjinga ndi ochuluka kuposa amene ndimakumana nawo ku Tissington, kungoti dzinja likafika timakokoloka, pamtsinje palibe mlatho, ndipo wonyamula katundu amakakamizika kubwerera kuphula kukalimbana ndi mathiraki. Kuno njira yabwino anaipangira munthu wokasangalala, pamene kwathu woifunitsitsa ndi munthu amene njinga ndiyo khasu lake.

Mwezi wathawu ndinatumizira bambo anga kanema amene ndinajambula pamlatho wa Headstone. Anandifunsa chimene ndinkakatenga kumeneko, ndipo nditawauza kuti ndinangopita kukapalasa, anakhala chete kanthawi. Kenako anafunsa ngati njirayo ndi yotakata mokwanira kuti munthu wonyamula matumba awiri a mbatatesi apatukirane ndi mnzake popanda wina kutsika. Nditapitanso ndinayeza ndi mapazi, ndipo ndinawauza kuti angathe kupatukirana, n'kutsalanso malo oti mwana adutse pambali.