Mlandu wa Sellafield: boma lilipirire anthu kapena lisumire lokha?

Sellafield ndi malo a mafakitale a nyukiliya ku England, kutsidya kwa nyanja moyang'anizana ndi Ireland. Ku Ireland njira zonse ziwiri zolimbana nawo m'khoti anayesapo. Mu 1994 anthu anayi a ku Dundalk, tawuni ya m'mbali mwa nyanjayo ku Ireland, anasumira BNFL, kampani yomwe inkayendetsa Sellafield, pa nkhani ya fakitale ya THORP yokonzanso mafuta a nyukiliya ogwiritsidwa kale ntchito, koma maloya ndi akatswiri a sayansi ndiodula heavy, ndiye boma likaponyapo ndalama mlandu umakhalabe m'manja mwa eni dera, vuto ndiloti wogwira chikwama akatseka basi zaima.

Njira inayo boma linapita lokha ku khoti la za nyanja ku Hamburg mu 2001 kulimbana ndi fakitale ya MOX, yomwe inali yopangira mafuta a nyukiliya ku Sellafield komweko. Mphamvu zinalipo, koma mu 2006 khoti la EU linati Ireland yalakwitsa khomo. Ine ndiye bola yoyambayo, amene amasamba m'nyanjayo azilankhula okha.