Pa burning centre ya pa Luchenza amabena bwino Naruto, koma tsekani makutu

Ngati muli ku Thyolo kuno ndipo mukufuna Naruto yense, katuni ya ku Japan ya ma ninja, osatha ndalama pa bandulo, pitani pa ka burning centre kali kuseri kwa msika pa Luchenza, koyandikana ndi wometa tsitsi. Chikwangwani palibe, mungotsata phokoso la sipika. Mnyamata wa pamenepo ntchito amaidziwa. Vuto lake ndi pakamwa, koma zimenezo tifika.

Naruto woyamba uja ali ndi magawo 220, wotsatira wake Shippuden ali ndi 500, ndipo onsewo ali mu kompyuta yake motsatana manambala. Musazione zachabe zimenezi. Malo ena amakupatsa mafayilo osakanikirana, munthu amene wamwalira dzulo lero ukumuona akudya ramen. Uyu asanakopere amayamba wayesa memore yako, chifukwa mamemore ena otchipa amalemba 32GB pamwamba pomwe mkati malo amenewo mulibe. Mafayilo amaoneka ngati alowa, ukafika kunyumba osatseguka. Yanga ina anaikana pamaso panga, amvekere: "Iyi achimwene anakuberani, ndisakudyereni ndalama." Amafunsanso foni imene ukaonerepo. Ikakhala yofooka amasintha fayilo kuchoka pa MKV kukhala MP4, n'kukuikira pulogalamu yoonerera ya VLC osalipiritsa. Mtengo amawerengera kukula kwa zimene wakopera, osati gawo lililonse, ndiye kwa ife a magawo ambirimbiri zimatsika.

Alinso ndi foda imene wachotsamo ma filler, magawo aja amene a Studio Pierrot, opanga katuniyi, ankangowonjezera podikira kuti mlembi wa nkhaniyi, Masashi Kishimoto, ajambule zina. Tengani imeneyo. Mwana wa achemwali anga, amene anandilowetsa m'zimenezi, amati filler ndi kutha batire.

Zolakwika zilipo. Magetsi akathima ntchito yaima, jenereta alibe. Flashi yanga inabwerako ndi vayirasi uja wosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, ngakhale anaikonza tsiku lotsatira. Mawu a pansi ndi achingerezi okha, ndipo magawo omasulira m'Chichewa ndi ochepa, womasulirayonso amathira zake zambiri moti dzina la jutsu, luso lomenyera la ma ninja, silimveka.

Tsopano benchi. Pakhonde pali benchi yodikirira, ndipo kukopera magawo mazana sikutha msanga. Pamenepo mpamene pamakhala anyamata a kabaza ndi ana a sekondale, ndipo nkhani yake ndi imodzi: ndani anafadi, ndani ali ndi mphamvu kuposa mnzake. Amene simunafike pakati pa Shippuden lekerani pompa, chifukwa nanenso ndiulula.

Mkangano waukulu ndi wa Jiraiya, mphunzitsi wa Naruto. Anaphedwa ndi mdani wotchedwa Pain ku mudzi wa Amegakure, mu gawo 133 la Shippuden, atalemba uthenga wachinsinsi pamsana pa chule uja Fukasaku, kenako n'kumira m'madzi. Pali mkulu wina wa kabaza amene mpaka lero sanavomere. Mfundo yake ndi ya kumudzi: "Maliro ake munaona nkhope? Popanda kuona nkhope munthu sanafe." Ndipo sikuti akungolankhula. Amakuwerengera kuti Kakashi, Shizune ndi Fukasaku yemweyo anafa Pain ataphwanya Konoha, mudzi wa Naruto, koma Nagato, amene ndi Pain yemweyo, anawadzutsa onse ndi mphamvu ya maso ake yotchedwa Rinnegan. Amatinso mdani wina, Kabuto, anadzutsa akufa ambirimbiri pa nkhondo yaikulu ya ma ninja ya chakumapeto, koma Jiraiya ayi. Kwa iye chifukwa chake n'choonekeratu: wamoyo sungamudzutse. Ukamuuza kuti Kabuto ananena yekha kuti mtembowo uli pansi penipeni pa madzi posafikika, amangoseka, ati nanga mfiti ngati imene ija madzi angaikanike?

Mu Boruto, nkhani ya mwana wa Naruto, mutabwera Kashin Koji, watsitsi loyera, woitana achule, wodziwa jutsu ya Rasengan ngati Jiraiya, mkuluyu anayenda pa Luchenza ngati wapambana mlandu. Zitadziwika kuti ndi munthu wochita kupangidwa ndi Amado kuchokera ku thupi la Jiraiya, anati basi, theka la mfundo yake lapambana. Ine sindigwirizana naye. Jiraiya anafa, ndipo nkhaniyo imakoma chifukwa sanabwerenso. Akanadzuka, kulira konse kwa Naruto atakhala yekha usiku uja kukanakhala kwa bodza.

Chimene chimapatsa anyamatawa mangolomera ndi nkhani ya Tobi, mdani wovala chigoba, chifukwa pamenepo oganizira aja anapezadi. Kishimoto anajambula Naruto kuyambira 1999 mpaka 2014, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti wachigoba uja si Madara monga ankadzitchulira ayi, ndi Obito, mnzake wa Kakashi amene ankaganiziridwa kuti anafa. Chigobacho chinali ndi bowo limodzi, ku diso lamanja. Obito anapereka diso lamanzere kwa Kakashi ataphwanyidwa ndi chimwala. Mphamvu ya Kamui ya awiriwa inkapita malo amodzi. Ndipo Obito nayenso maliro ake palibe anaona nkhope. Ndiye pa benchi paja ukatsutsa za Jiraiya amangokuponyera Obito, iwe kukamwa yasa.

Za mphamvu ndiye sizitha. Itachi, ninja wothawa ku Konoha, ndi Jiraiya akanamenyana akanapambana ndani? Ena amagwira mawu a Itachi kwa mnzake Kisame oti akalimbana ndi Jiraiya akhoza kuphana onse. Ena amati ankanama dala pofuna kuti achoke osagwira Naruto, poti mtima wake unali ku Konoha. Apa ine ndili mbali yachiwiriyi, ngakhale matenda amene ankamudya Itachi amandipatsa chikayiko. Mwana wa achemwali uja amati, "Amalume, inu mumakonda Itachi chifukwa salankhula zambiri." Mwina.

Zonsezi n'zokoma kwa amene anamaliza. Koma mwini malo sasankha womuuza. Mtsikana wina wa yunifomu anabwera kudzatenga magawo oyambirira a nkhondo ija, akusimba mmene amamukondera Neji. Mnyamatayo, maso ali pa kompyuta, anangoti, "Neji? Muoneretu, satenga nthawi." Mtsikanayo analandira memore yake osayankha. Wometa tsitsi anachita kutuluka ndi makina m'manja kudzamudzudzula, iye n'kumadabwa kuti walakwa chiyani poti zinatuluka kalekale.

Ndiye pitani, koma pitani m'mawa ana asukulu asanaweruke, benchi ilibe anthu. Tengani memore yogula pa sitolo yodalirika, imusiyireni, mumuuze gawo loyambira ndi lothera, inu mukazungulire mumsika. Akayamba kufunsa kuti mwafika pati, musayankhe. Pano mnyamatayo wayamba kusonkhanitsa katuni ina ya One Piece, ati hard drive yatsala pang'ono kudzadza, ndiye amene mukufuna Shippuden wachithunzi chowala fulumirani asanaichepetse.