Anki ndi Chingerezi cha kuntchito: ndemanga ya munthu wophunzira m'Chipwitikizi

Papita miyezi 9 chiyambireni kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Anki pofuna kuwongola Chingerezi changa cha kuntchito, ndipo ndikuona kuti nthawi imeneyi yakwana yoti ndinenepo zimene ndapeza. Sukulu yanga yonse ndinaphunzira m'Chipwitikizi, monga zimakhalira ndi ana ambiri a ku Mozambique, ndipo Chingerezi linali phunziro la maola ochepa pa sabata. Koma mayiko onse 6 amene tinachita nawo malire, omwe ndi Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi pa zaboma, ndiponso dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Motero munthu wogwira ntchito mu ofesi yoona za kayendedwe ka katundu, monga ine, alibe kothawira makalata, mafoni ndi misonkhano ya m'chilankhulochi.

Choyamba chimene wofuna Anki ayenera kudziwa ndi chakuti pulogalamuyi si mphunzitsi. Mukaitsegula koyamba mumapeza mulibe kanthu, chifukwa ntchito yake ndi kusunga makadi amene mwalemba nokha kapena mwatenga kwa ena, ndi kukukumbutsani khadi lililonse pa tsiku limene mwatsala pang'ono kuliiwala. Dzina lake ndi mawu a Chijapani otanthauza kuloweza, ndipo anaiyambitsa ndi Damien Elmes mu 2006. Maziko ake ndi akale ndithu: Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti chinthu chimene tangophunzira kumene timachiiwala mofulumira m'masiku oyambirira, koma tikachibwereza patapita kanthawi chimakhalitsa m'mutu. Khadi likaonekera mumayesa kukumbukira yankho, kenako mumadziweruza nokha posankha limodzi mwa mabatani anayi, kuyambira lovomereza kuti mwalephera mpaka lonena kuti zinali zosavuta. Mukakhoza, khadilo limabweranso patapita masiku, kenako masabata, kenako miyezi. Mukalephera, limabweranso lero lomwe. Pa kompyuta ndi pa foni ya Android pulogalamuyi ndi yaulere, pomwe ya pa iPhone amagulitsa pafupifupi madola 25 a ku America, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Pofufuza samalani, chifukwa pali mapulogalamu ena a mayina ofanana nayo amene si ake a Elmes. Ya pa Android yeniyeni imatchedwa AnkiDroid.

Mwezi woyamba ndinauwononga ndekha. Ndinatenga mitolo ya makadi yokonzedwa kale ndi anthu ena, ya mawu ambirimbiri a zamalonda, ndipo ndinkasangalala kuona ndikukhoza pafupifupi khadi lililonse. Patapita masabata angapo ndi pamene ndinazindikira kuti ndinkakhoza chifukwa mawuwo ndinkawadziwa kale. Mawu oposa theka a m'Chingerezi anachokera ku Chilatini ndi ku Chifalansa, ambiri a iwo atalowa pambuyo pakuti anthu a ku Normandy agonjetsa England mu 1066, ndipo mawu a mu ofesi, a zamalamulo ndi a zachuma ndi amene ali ochuluka m'gulu limeneli. Wodziwa Chipwitikizi safunika khadi kuti amve kuti informação ndi information, qualidade ndi quality, contrato ndi contract. Akangodziwa kuti -ção imasanduka -tion ndipo -dade imasanduka -ty, mawu mazanamazana amabwera okha. Vuto lina linali lakuti mitolo yambiri imene ndinapeza inalembedwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil, zimene sizodabwitsa poti dzikolo lili ndi anthu oposa 200 miliyoni. Pamene ife timati ficheiro, ecrã ndi equipa, iwo amati arquivo, tela ndi equipe, ndipo ndinkataya nthawi kumasulira Chipwitikizi china kupita ku china ndisanafike n'komwe pa Chingerezi.

Phindu lenileni la Anki ndinaliona nditafufuta mitolo yonseyo n'kuyamba kulemba makadi anga a mawu amene amaoneka ngati achibale koma ali achinyengo, aja aphunzitsi amawatchula kuti falsos amigos. Amenewa ndi amene amagwetsa munthu wodziwa Chipwitikizi, chifukwa amawalemba molimba mtima osakayika n'komwe kuti walakwitsa. Tsiku lina ndinalembera kasitomala kuti "I pretend to send the documents on Monday", ndikuganiza za pretender, amene kwa ife amatanthauza kukhala ndi cholinga. M'Chingerezi ndinali nditamuuza kuti Lolemba ndidzanamizira kutumiza zikalatazo. Iye anayankha mwaulemu osatchulapo kanthu, ndipo ndi mnzanga wa mu ofesi amene anandikokera pambali n'kundiuza kuti mawu oyenera ndi intend. Usiku womwewo ndinalemba khadi langa loyamba lenileni.

Mawu oterewa alipo ambiri, ndipo zachisoni n'zakuti amapezeka pamalo pomwe ndalama ndi nthawi zimakambidwa. Actually satanthauza actualmente. Wofuna kunena za masiku ano ayenera kuti currently. Eventually amatsimikiza kuti chinthu chidzachitika pamapeto pake, pomwe eventualmente amangonena kuti mwina chingachitike, choncho wolemba kuti adzabweza ndalama eventually walonjeza zimene sanafune kulonjeza. Assistir à reunião ndi attend the meeting, osati assist, amene ndi kuthandiza. Komanso atender o telefone ndi answer the phone, osati attend, moti mawu awiriwa amasinthana malo ngati akuchitira dala. Compromisso wa pa kalendala ndi appointment, koma compromise ndi kulolerana pa mkangano. Prejuízo ndi loss, osati prejudice, amene ndi tsankho. Taxa kawirikawiri ndi fee kapena rate, pomwe tax ndi imposto, ndipo amene anasokonezapo awiriwa pa chikalata cholipiritsira katundu akudziwa mafunso amene amatsatira. Ngakhale agenda amene timalembamo zochita za tsiku ndi tsiku, m'Chingerezi cha mu ofesi ndi mndandanda wa zokambirana pa msonkhano, umene ife timati ordem de trabalhos. Mawu oterewa sakhazikika m'mutu mwa kungowawerenga kamodzi, chifukwa Chipwitikizi chimene chinazika mizu kuyambira ubwana chimabwereranso n'kukankha tanthauzo latsopanolo. Apa ndi pamene kukumbutsa kwa Anki kumapambana njira zina zonse zimene ndinayesapo: khadi la eventually linandibwerera kasanu ndi kawiri ndisanaligonjetse, ndipo lero dzanja langa limaima lokha ndikafuna kulemba mawuwa.

Kalembedwe ka khadi kali ndi mphamvu kuposa kuchuluka kwa makadi. Ndinasiya kulemba liwu limodzi kutsogolo ndi tanthauzo lake kumbuyo, n'kuyamba kugwiritsa ntchito makadi a mtundu wa cloze, amene mumalemba chiganizo chathunthu n'kubisa liwu limodzi kapena awiri. Ziganizozo ndimazitenga m'makalata enieni amene ndimalandira, chifukwa Chingerezi cha kuntchito chimayenda m'timagulu ta mawu tozolowerana. Ife timati marcar uma reunião, koma iwo sanena mark, amati schedule kapena set up a meeting. Ife timati tomar uma decisão, iwo kawirikawiri amati make a decision. Ndipo fazer wathu mmodzi yekhayo amagawika pakati pa make ndi do popanda lamulo lodalirika. Chenjezo limodzi pano ndi lakuti muzichotsa mayina a makasitomala ndi ziwerengero za ndalama musanaike chiganizo pa khadi, makamaka ngati mumasunga makadi anu pa AnkiWeb kuti azioneka pa foni ndi pa kompyuta pomwe, popeza zinsinsi za kuntchito si zanu nokha.

Gulu lachiwiri limene linandivuta ndi la aneni afupiafupi otsatiridwa ndi kaliwu kena, monga follow up, put off, call off, look into ndi get back to. Amenewa alibe achibale m'Chipwitikizi, koma ndi amene eni chilankhulo amakonda polankhula. Ine ndinkatha kulemba postpone ndi cancel mosavuta, koma pa foni munthu akati msonkhano "has been put off" ndinkakhala kakasi, osadziwa ngati wasunthidwa kapena wathetsedwa. Anki ili ndi kachitidwe kothandiza pa zoterezi: khadi mukalilephera maulendo 8 imaliika chizindikiro cha leech, dzina la msundu woyamwa magazi, kukuuzani kuti likukudyerani nthawi. Makadi anga ambiri amene analandira chizindikirochi anali a aneni amenewa, ndipo mankhwala ake anali kuwalembanso ndi chiganizo chimene ndinachimva ndi makutu anga pa msonkhano.

Ndinapanganso kamtolo kakang'ono ka manambala, ndipo ndikulangiza aliyense wogwira za ndalama kuti achite chimodzimodzi. Pamene ife timalemba 1.500,75 Chingerezi chimalemba 1,500.75, ndipo billion ndi mil milhões, osati bilião wa m'Chipwitikizi cha ku Portugal, amene ndi wamkulu kuwirikiza 1,000.

Pali zimene pulogalamuyi sichita, ndipo si bwino kuiyembekezera kuti izichite. Simva mmene mukutchulira mawu, ngakhale mungathe kuika mawu ojambulidwa pa khadi, choncho kusiyanitsa ship ndi sheep kapena live ndi leave kumafunabe khutu la munthu wina. Siphunzitsanso ulemu wa m'makalata, woti mudziwe pamene "send me the report" akumveka ngati lamulo ndi pamene muyenera kuyamba ndi "could you". Maonekedwe ake ndi osakopa, opanda timasewera kapena timphoto, ndipo masiku oyamba munthu amasochera m'zosankha zake, ngakhale kuti n'zotheka kuiika m'Chipwitikizi. Koposa zonse imafuna kuti muiyendere tsiku lililonse. Nditapita kutchuthi kwa masiku 10 osaitsegula ndinapeza makadi oposa 300 akundidikira, ndipo ndinatsala pang'ono kuisiya. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinasiya chiwerengero cha makadi atsopano pa 20 pa tsiku monga imabwerera, osaganiza kuti khadi lililonse latsopano ndi ngongole imene idzabwezedwa kangapo m'tsogolo.

Kwa amene akungoyamba kumene Chingerezi, ndinganene kuti ayambe wapeza mphunzitsi kapena maphunziro olongosoka, chifukwa Anki ilibe galamala yoti imupatse. Koma kwa amene amawerenga kale kalata ya kuntchito n'kumva zambiri, nangopunthwa pa mawu achinyengo ndi aneni afupiafupi aja, ndikuiyamikira ndi mtima wonse. Ine ndinatsitsa makadi atsopano kufika pa 6 pa tsiku, ndipo mphindi 15 za m'mawa ndisanatsegule makalata zimandikwanira. Khadi limene ndalemba dzulo ndi la resume, amene ndinamugwiritsa ntchito molakwika pofuna kunena resumir, kutanthauza kufotokoza mwachidule, ndipo anzanga anaganiza kuti ndikupempha kuti tiyambirenso msonkhano umene aliyense ankafuna kuti uthe.